Ma part time a logic ku Area 25, kumene XOR inandilowera mmutu

Ndinalonjeza anzanga angapo a mkalasi kuti ndilemba za aphunzitsi aja a ku 25 amene ndakhala ndikupitako Lamlungu masana kwa miyezi iwiri, nde ndi izi. Muwerenge mpaka pansi chifukwa zabwino ndi zambiri koma zodandaula nazonso ndili nazo ndipo sindibisa.

Ineyo ndimagwira ntchito mushopu ya ma stationery ku Old Town, sukulu ya ICT ndimapanga ya Loweruka. Semesita yathayi ndinapeza sapu, mayeso obwereza, pa phunziro lija la logic, masamu a kompyuta a 0 ndi 1, ndipo zinandiwawa kwambiri chifukwa fizi ndimadzilipirira ndekha, ndalama yake ndi yoimirira pa kauntala kuyambira mmawa mpaka 5. AND, imene imapereka 1 pokhapokha zonse zikakhala 1, ndinkaimva, OR ndinkaimva, NOT, yongotembenuza 0 kukhala 1 ndi 1 kukhala 0, nde yosavuta nkomwe, koma ikangobwera XOR, kachizindikiro kaja ka pulasi kozunguliridwa ⊕, mutu umaima. Chomwe ndinachita ndi kuloweza 0, 1, 1, 0 ngati nambala ya foni ndi mawu amene tinalemba mu notsi oti yankho limakhala 1 ngati chimodzi chokha chili 1. Pamayeso anabweretsa zilembo zitatu, A ⊕ B ⊕ C, ine mzere womaliza uja wa 1, 1, 1 ndinalemba 0 mtima uli mmalo, ndipo mafunso ena awiri otsatira ankadalira tebulo lomwelo, onse anapita.

Mnzanga wina wa ku Area 49 ndi amene anandiuza za aphunzitsiwa. Ndi bambo wachinyamata ndithu, masiku ena amakonza ma laputopu ndi ma inveta, kuphunzitsaku amachita kumapeto kwa sabata mkanyumba ka kuseri kwa nyumba yawo. Ine ndimakhala ku Kawale nde ndimakwera ziwiri, ya mtauni kenako ya ku 25, kutsikira pa Nsungwi nkuyenda pang'ono. Kwa amene muli ku Chinsapo, ku 23 kapena ku 36 muwerengeretu thiransipoti chifukwa pakutha pa mwezi imafanana ndithu ndi ndalama ya maphunziroyo.

Tsiku loyamba ndinatulutsa notsi zanga, iwo amvekere achemwali bwezani kaye mchikwama. Kenako anandifunsa kuti, ku ukwati mukafika pa mzere wa chakudya, mayi wogawa ndiwo uja akakufunsani kuti nkhuku kapena ya ng'ombe, inu nkunena kuti zonse, amakupatsani? Ndinati ayi, amati musankhe chimodzi ena akudikira kumbuyoku. Iwo eya. Nanga akakuuzani ku ofesi kuti mubwere ndi chitupa cha unzika kapena pasipoti, inu nkubwera nazo zonse ziwiri, amakubwezani? Ndinati ayi amalandira. Nde anati taonani, mawu ndi amodzimodzi, kapena, koma akugwira ntchito ziwiri zosiyana, ifeyo timadziwa tokha kuti apa ndi kapena wa ku ukwati apa ndi kapena wa ku ofesi chifukwa tinakulira mmenemo, koma kompyuta siinapiteko ku ukwati, imafuna muiuze kuti mukunena uti. Wa ku ofesi uja ndi OR, wa ku ukwati uja ndi XOR.

Ndikuuzani zoona, ndinakhala kaye duu. Semesita yonse ndinkaona ngati ndi zinthu zochokera kutali zoti munthu ungoloweza, osadziwa kuti ndimazilankhula tsiku ndi tsiku pa kauntala ndikamafunsa kasitomala kuti bolopeni ya buluu kapena yakuda.

Tebulo loyamba analemba si iwo, anandipatsa ine choko. A ndi nkhuku, B ndi ya ng'ombe. Mbale yopanda ndiwo, 0 ndi 0, simunasankhe kanthu, yankho 0. Ya ng'ombe yokha, 0 ndi 1, yankho 1. Nkhuku yokha, 1 ndi 0, yankho 1. Zonse, 1 ndi 1, mayi uja wakana, yankho 0. Pambali pake anandilembetsa la OR, lomwe limatuluka 0, 1, 1, 1, nkundiuza kuti ndiike chala pamene matebulo awiriwo akusiyana. Ndi mzere umodzi wokha, womaliza. Atatero anandipatsa chiganizo chimene ndimagwiritsa ntchito mpaka pano, zikasiyana 1, zikafanana 0. Basi. Ndipo ananenetsa kuti ndiiwale zija za chimodzi chokha chifukwa zidzandigwetsa kutsogolo, ine chamumtima ndinati zinandigwetsa kale.

Chinthu china chimene amachiumirira, chomwe poyamba ndinkaona ngati nkutaya nthawi, ndi kalembedwe ka mizere. Salola kuti uyambe kuwerengera usanamange tebulo lonse. Zilembo zikakhala ziwiri mizere ndi 4, zitatu ndi 8, zinayi ndi 16, chilembo chilichonse chowonjezera chimachulukitsa ndi 2. Pa zilembo zitatu, pansi pa A ulembe ma 0 anayi kenako ma 1 anayi, pansi pa B awiriawiri, pansi pa C kusinthanasintha 0, 1, 0, 1 mpaka pansi. Ukatero palibe mzere umene ungaudumphe kapena kuubwereza. Ineyo kale ndinkangolemba mmene zabwerera mmutu ndipo nthawi zambiri ndinkathera pa mizere 7 nkumafufuza wosowawo mphindi zikupita. Amayenda ndi rula kuona kope la aliyense, akapeza mizere yasokonekera amangoti yambiraninso, sakalipa koma sanyengereranso.

Sabata yachiwiri ndi imene inandichiritsa bala langa lija. Anabwera ndi kachitini ka zitsekerero za mabotolo a Fanta, aliyense anamupatsa zitatu. Chitsekerero chikayang'ana kumwamba ndi 1, chikavundikira ndi 0. Anati tiyambe ndi njira yaitali, ziwiri kaye kenako yankho lakelo ndi chachitatu. Nde pa 1, 1, 1 paja, A ⊕ B ndi 1 ndi 1, zafanana, 0. Tsopano 0 ameneyu ndi C amene ali 1, zasiyana, yankho 1. Ndinabwereza katatu kuganiza kuti mwina ndalakwitsa penapake. Iwo anati simunalakwitse achemwali, apa mayi wa ku ukwati uja timusiye kaye wagwira ntchito yake, chifukwa zikakhala zitatu funso silikhalanso loti mwasankha chimodzi chokha ayi. Tengani zitsekerero zimene zayang'ana kumwamba, muziike ziwiriziwiri. Chikatsala china chopanda mnzake yankho ndi 1, zikakwanirana yankho ndi 0. Zitatu zili mmwamba, ziwiri zapezana, chimodzi chatsala, 1. Tinadutsa mizere yonse 8 tikutembenuza zitsekerero pa benchi ndipo mayankho anatuluka 0, 1, 1, 0, 1, 0, 0, 1. Kenako anatiuza tiyambire kumapeto, B ndi C kaye kenako A, nkupeza zomwezo, ndipo apa ndi pamene anatiuza kuti pa XOR yokhayokha mabulaketi mutha kuwaika paliponse yankho silisintha.

Zitsekerero zija ndinapita nazo kunyumba, zili mu handibagi mpaka lero.

Pa mafunso osakaniza njira yawo ndi yoti kachidutswa kalikonse kakhale ndi kolamu yakeyake, osawerengera mmutu. Mwachitsanzo anatipatsa kuti tionetse kuti A ⊕ B ndi chimodzimodzi ndi (A OR B) AND NOT (A AND B). Umayamba ndi A OR B, 0, 1, 1, 1. Kenako A AND B, 0, 0, 0, 1. Kuitembenuza ndi NOT, 1, 1, 1, 0. Pomaliza AND ya kolamu yoyamba ija ndi yotembenuzidwayi, 0, 1, 1, 0. Ndi XOR yomwe ija, ndipo ukaiwerenga mChichewa ikungonena kuti ichi kapena icho koma osati zonse. Tsiku lina mnyamata wina anatsutsana nawo kwambiri, iye ankati NOT ikakhala pa A yekha ndi NOT ikakhala kunja kwa bulaketi yonse mayankho ayenera kusiyana basi chifukwa pa AND ndi OR amasiyana. Aphunzitsi sanamuyankhe, anangomupatsa choko. (NOT A) ⊕ B inatuluka 1, 0, 0, 1. NOT (A ⊕ B) inatulukanso 1, 0, 0, 1. Mnyamata uja anaima pa bolodi nkumayang'ana uku ndi uku, kenako iwo anati imeneyo ndi XNOR, zikafanana 1. Ichi ndi chimene ndimawakondera, samati khulupirirani ine, amati lembani tebulo likuuzeni. Ngakhale timalamulo tija toti A ⊕ A ndi 0, A ⊕ 0 ndi A yemweyo, A ⊕ 1 ndi NOT A, sanatipatse kuti tikopere, aliyense anatipeza yekha pa timizere tiwiri.

Ndiye pali thabwa lija. Anakhomerera ma swichi awiri a two way pa pulayiwudi, aja amaikidwa mu kolido kuti uyatse uli uku nkukazimitsa uli uko, ndi kababu kakang'ono ndi batire. Anaitana awiri, wina swichi iyi wina iyo. Onse pansi babu lazima, mmodzi akadina layaka, winayo akadinanso lazima. Anatiuza kuti tione chinthu chimodzi, kaya zinthu zili bwanji, munthu mmodzi akangosintha swichi yake babu limasintha basi, palibe amene angamutsekereze mnzake, pamene pa AND mnzako akakhala pa 0 iwe udine usadine palibe chimachitika. Anaonjezanso kuti mawaya awiri apakatiwo mukawasinthanitsa, kapena mukasintha mbali imene mukuitcha 1 pa swichi imodzi yokha, tebulo lomwelo limasanduka la XNOR, nde musamakangane ndi amisiri a magetsi pa zimenezi.

Sabata yachinayi anabweretsa ka chip ka 74HC86, kakuda kamiyendo 14, mkati mwake muli ma XOR gate anayi, timagawo ta magetsi timene timatsata tebulo la XOR. Anakalasa pa breadboard, kathabwa ka timabowo kolumikizirapo mawaya, mwendo 14 ku 5V yochokera pa power bank, mwendo 7 ku ground, mwendo 1 ndi 2 kolowera, mwendo 3 kotulukira kupita ku ka LED kofiira kudzera pa resistor. Pamene mtsikana wina ankasuntha waya, wa pa mwendo 2 unazuka nkutsala mmalere, ka LED kanayamba kuphethira pokhapokha, ukayandikiza dzanja kayaka ukachotsa kazima. Tonse tinaunjikana kuona. Iwo anati mwaona, waya wongolendewera si 0 ayi, pa chip ngati iyi umatola chilichonse chimene chili pafupi, mukafuna 0 mulumikize ku ground, anabwezeretsa waya kuwala kuja nkukhazikika. Zimenezi mu notsi simungazipeze ndipo ine sindidzaiwala.

Tsiku lomwelo anationetsa kuti kuphatikiza kwa kompyuta kumayambira pomwepa. 1 kuphatikiza 1 mu binary, kawerengedwe ka 0 ndi 1 okha, ndi 10, nde monga ku pulayimale paja, tilemba 0 tisunga 1. Chimene tikulembacho chimatsata tebulo la XOR, chimene tikusungacho chimatsata la AND, ziwirizi pamodzi ndi half adder imene ndinkaijambula osadziwa kuti ikutanthauza chani. Amakondanso kuponyamo mbiri pang'ono, zoti masamu amenewa anawayala ndi George Boole wa ku England cha mma 1847 ndi 1854 kulibe kompyuta ngakhale imodzi, ndipo kuti ndi Claude Shannon amene mu 1937 ali mwana wa sukulu ku yunivesite ya MIT ku America anaonetsa kuti masamu omwewo amagwira pa ma swichi a magetsi. Satalikitsa, mphindi ziwiri wabwerera pa bolodi. Kwa ife amene tikuphunziranso Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, anatichenjeza za kachizindikiro ka ^, anatsegula laputopu nkulemba 2 ^ 3, tonse tinati 8, kompyuta inati 1. Mu Excel kachizindikiro kameneka ndi ka power koma mu Python ndi XOR, mu binary 2 ndi 10, 3 ndi 11, kumanzere zafanana 0 kumanja zasiyana 1. Homuweki inali 5 ^ 3, yomwe ndi 101 ndi 011, imatuluka 110, ndiye kuti 6.

Tsopano zodandaula. Choyamba ndi nthawi. Amati 2 koloko koma kawiri konse tinayamba cha mma 3 chifukwa anali kwa kasitomala wa inveta, ndipo samatumiza uthenga, umangofika nkupeza chitseko chotseka nkukhala pa khonde. Amabweza nthawiyo kumapeto inde, koma ine wa ku Kawale kutuluka ku 25 cha mma 6 ndiye kuti ndifika mu depoti kwada, munthu wamkazi ndi chikwama cha laputopu mtima sukhala pansi. Ndinawauza, anapepesa, sabata zotsatira anayesetsa koma sindinganene kuti zinatheratu.

Malonso ndi ochepa. Tinalipo 9 pa mabenchi awiri, denga la malata opanda siling'i, mu Okutobala muja kumatentha moti pepala limamata pa mkono. Chapafupi pali chigayo, magetsi akakhalapo chimalira mpaka wakumbuyo samva, akazima chigayo chimakhala chete koma mkatimo mumachita kamdima bolodi osaoneka bwino. Za malozi sindiwaimba mlandu kwambiri chifukwa ndikudziwa mmene lendi ilili mu Lilongwe muno, ndipo akanachita lendi malo abwino mtengo ukanakwera ife omwe nkulephera.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi mbali ya algebra. Pa matebulo amadekha, amatha kukhala nawe pa mzere umodzi mpaka umve, koma ikafika nthawi yofupikitsa ma expression, ziganizo zija za zilembo, ndi malamulo a De Morgan, aja omasulira NOT ya kunja kwa bulaketi, amathamanga ngati akudzilembera okha, mizere itatu yadumphidwa, anyamata awiri ochangamuka aja akangoti eya iwo afufuta kale. Enafe timatsala tikuyang'anana. Ndinachita kuimika dzanja kangapo kuti aphunzitsi bwererani pamene munachotsa bulaketi paja, amabwerera ndi mtima wabwino ndithu, koma munthu wamanyazi akhoza kutuluka osatola kanthu pa gawo limeneli. Notsi zolembedwa sapereka, zonse ndi za pa bolodi, nde ujambule ndi foni asanafufute. Pa gulu la WhatsApp amayankha koma mwina mawa lake usiku, ngati mayeso ali mmawa musadalire zimenezo.

Kalipiridwe nde ndinakakonda. Umalipira tsiku limene wabwera, pa Mpamba, Airtel Money kapena kashi, ukajomba sulipira, palibe za registration kapena kugula ma handout. Mtengo sindiulemba pano chifukwa mmene zinthu zikukwereramu pofika mwezi wamawa ukhoza kukhala wina, mukafunse nokha, koma kwa ine wolandira malipiro a mushopu ndinkakwanitsa osakongola. Tsiku lina ndinaperewera chifukwa cha thiransipoti, anangoti mudzamalizitsa sabata yamawa achemwali khalani pansi.

Amene ndingamuuze kuti apite ndi amene matebulo akumusokoneza, amene waloweza koma funso likangotembenuzidwa pang'ono wasowa poyambira, kaya ndi wa diploma kaya wa chaka choyamba ku koleji. Ngati vuto lanu ndi algebra yokhayokha, matebulo mumawatha kale, mwina mupite ndi mafunso anu olembalemba nkuwapanikiza nawo, apo ayi mukhumudwa ndi liwiro lija. Mukafuna kudziyesa musanawononge thiransipoti, tengani ili limene anatipatsa tsiku lomaliza, A ⊕ (A AND B). Mumange mizere 4, kolamu ya A AND B payokha, kenako XOR. Mukapeza 0, 0, 1, 0 nkuthanso kuona kuti ndi chimodzimodzi ndi A AND NOT B ndiye kuti gawo ili muli bwino. Mukapeza zina pitani.

Sapu ndinalemba sabata yatha, zotsatira sizinatuluke. Funso la zilembo zitatu linabweranso, ndinamanga mizere 8 yanga mwadongosolo lija, anayi anayi, awiriawiri, kusinthanasintha, ndipo pa 1, 1, 1 ndinalemba 1. Mwezi wamawa akuti ayamba ma Karnaugh map, njira yofupikitsira ma expression pa timabokosi, ndipo ine ndibwererako, ndawapempha kuti tiziyamba 1 koloko kuti akutalife tizifika kunyumba kukuwala, ati aona. Mukamapita mutenge kope la masamu lija la timabokosi, pensulo osati bolopeni chifukwa mufufuta kwambiri, ndi botolo la madzi. Mufike msanga mukhale benchi yakutsogolo mbali ya zenera, ndi kumene chigayo sichimveka kwambiri.